Galimoto Yopanda Denga: Rolls-Royce, Ulamuliro ndi Maso a Chitungwiza

Pa 26 Ogasiti 2008, Robert Mugabe adafika ku Nyumba ya Malamulo mu Harare atakwera Rolls-Royce yakale yotsegula pamwamba, apolisi okwera pa akavalo akumuperekeza. Atalowa m'nyumbamo, aphungu a chipani cha MDC adamukuwiza akulankhula. Mwezi womwewo, ku Chitungwiza, mtunda wa makilomita pafupifupi 25 kummwera, kudabuka kolera yemwe adafalikira dziko lonse napha anthu oposa 4,000. Mbiri ya galimotoyi imamveka bwino munthu akaiyang'ana ataima ku Chitungwiza kumeneko.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, fakitale ya Rolls-Royce ya ku Crewe, ku England, yomwe inkapanga mainjini a ndege zankhondo, idayamba kutulutsa magalimoto mu 1946. Silver Cloud idabwera mu 1955, ndipo mu 1959 idapatsidwa injini ya masilinda 8 ya malita 6.2, yotha kuthamangitsa chigalimoto cholemera matani awiri pa liwiro la makilomita oposa 170 pa ola. Kampaniyo sinkalengeza mphamvu za injini zake. Wofunsa ankangouzidwa kuti n'zokwanira. Chimene inkanyadira ndi bata: kulengeza malonda kotchuka kwa David Ogilvy mu 1958 kudati phokoso lalikulu m'galimotomo, ili pa liwiro, linkachokera ku wotchi. Zadenga lopinda zinali zochepa zedi, chifukwa matupi ake ankasulidwa pamanja ndi amisiri a H. J. Mulliner ndi Park Ward. Corniche, yomwe idatuluka mu 1971 n'kupangidwa mpaka 1995, idapitiriza mwambo womwewo.

Kwa mpondamatiki wa ku Ulaya, kupinda denga kunali kufuna kupitidwa mphepo. Kuno kwathu ntchito yake idatembenuka. Mtsogoleri ankafuna galimoto yotha kuyenda pang'onopang'ono, mwakachetechete, iye ataonekera kuti khamu limuone. Mphamvu za injini zinkangosungidwa. Chimene chinkagwira ntchito ndi kusowa kwa denga.

Atsamunda ndiwo adayala mwambowu, ndipo olowa m'malo mwawo sadautaye. Atolankhani akhala akulemba kuti Rolls-Royce ya ku Harare idanyamulapo Lord Soames, bwanamkubwa womaliza wa Britain, yemwe adalamulira kuyambira Disembala 1979 mpaka Epulo 1980. Motero mtsogoleri amene ankadzudzula Britain kolimba kuposa anzake onse ankapita kukatsegula nyumba ya malamulo pa mpando wa bwanamkubwa. Masiku ena onse ankayenda pa Mercedes-Benz yosaboola zipolopolo. Yotsekayo inali yoteteza moyo, yotsegulayo inali yoonetsera ufumu.

Ku Malawi nako Dr Hastings Kamuzu Banda, amene boma la atsamunda lidamutsekera kundende ya Gwelo mu 1959, ankafika pa misonkhano ikuluikulu pa Rolls-Royce yotsegula pamwamba, atavala suti ndi chipewa, litchowa lili m'manja, mbumba ikuvina. Kwa iye panalibe zobisa. Munthu amene mu 1981 adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama kuti ana aphunzire Chilatini ndi Chigiriki ankakhulupirira poyera kuti ulemu wa dziko uyenera kuvala zovala za ku London.

Nanga oonerera anali yani? Ambiri mwa makolo a anthu olankhula Chichewa a ku Chitungwiza adalowa mu Southern Rhodesia wapansi, ena pa malole a Ulere, omwe boma linkanyamulira ulele anthu odzagwira ntchito, ena kudzera mwa Mthandizi. Adagwira m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu a ku Salisbury. Kwawo ankatchedwa matchona, poti sadabwerere. Pamene Chitungwiza idakhazikitsidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, idali tauni yogonako chabe: ntchito ku Harare, tulo kutali ndi maso a mabwana. Ulendo wa tsiku ndi tsikuwo udayendedwa pa basi, pa matakisi a Peugeot odzaza mpaka kumbuyo, kenaka pa makombi. Galimoto yopanda denga imene anthuwa ankaidziwa ndi matupi awo inali lole, yomwe imanyamula anthu opita kumaliro dzuwa ndi fumbi zikuwapeza.

Ngakhale umwini wa boma limene Rolls-Royce ija inkaimira udawapulumuka. Lamulo la unzika la 2001 lidafuna kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa makolo ochokera kunja akane unzika wa dziko limene mwina sadalipondepo, ndipo ambiri adataya ufulu wovota. Malamulo aakulu a 2013 ndiwo adatsegulanso khomo kwa ana a makolo ochokera m'maiko a SADC. Pakati pa zaka zimenezi, mu 2005, Operation Murambatsvina idagwetsa nyumba zambiri ku Chitungwiza. Mawu oti "wopanda denga" adakhala ndi matanthauzo awiri m'dziko limodzi: kwa mmodzi ulemerero, kwa zikwizikwi kugona panja m'nyengo yozizira. Akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame.

Komabe sitinganene kuti kukongola kwa magalimoto otere ndi bodza. Luso la amisiri osula chitsulo, osoka chikopa ndi opala matabwa n'lenileni, ndipo n'chifukwa chake anthu osonkhanitsa magalimoto akale amazilimbirana mpaka lero. Chilankhulo nachonso chimachitira umboni chikoka chimenechi. Liwu loti "galimoto", limene ena amalilumikiza ku "gari" wa Chiswahili, limatchula ya bwanamkubwa ndi ya mawaya yomwe mwana amapinda yekha, osasiyanitsa. Mwana wa ku Zengeza woyendetsa galimoto yake yamawaya m'fumbi sadalandire kwa wina aliyense, ndipo palibe lamulo limene lidamufunsa kumene agogo ake adachokera asanagwire chiwongolero.