Kuchokera ku Kobwe mpaka ku Maputo: mmene nyimbo ndi zisudzo zinalowera m'maphunziro apamwamba

Mwana wa ku Metangula akamaliza kalasi 12 n'kufuna digiri ya zoimbaimba kapena ya zisudzo, sukulu yodziwika ya maphunzirowa amakaipeza ku Maputo, mtunda wa makilomita oposa 2,000 pamsewu, ndipo kumeneko amakaphunzira m'Chipwitikizi. Komatu mwanayo wachokera kugombe kumene mganda ndi chiwoda zili m'mudzi ndi m'mudzi, kumenenso aphunzitsi anayamba kusulidwa m'Chinyanja zaka zoposa 100 zapitazo. Mbiri ya mmene chinenero ndi luso la kunyanja zinatsalira kunja kwa sukulu ikuwakhudza aphunzitsi a makalasi a zinenero ziwiri, chifukwa ziwirizi zikukumananso m'kalasi mwawo.

Maphunziro a sukulu m'boma la Lago anabwera ndi amishoni a Anglican a bungwe la UMCA. William Percival Johnson anafika kunyanja mu 1882, ndipo mu 1885 mishoni inakhazikika pachilumba cha Likoma. Poyamba anyamata okhoza bwino ankatumizidwa ku Kiungani, ku Zanzibar. Cha m'ma 1900 amishoniwo anatsegula koleji ya aphunzitsi ya St Michael's ku Kobwe, kumene lero kumalembedwa Cóbuè, ndipo pambuyo pake kolejiyo inasamukira ku Likoma. Sitima ya Chauncy Maples, yomwe inalowa m'madzi mu 1901, inkayendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja ili tchalitchi, chipatala komanso kalasi. Ku Messumba kunali wansembe Augustine Ambali, amene anawomboledwa mu ukapolo ali mnyamata, ndipo anatumikira kumeneko zaka zambiri. Mu 1912 Baibulo lonse linatuluka m'Chinyanja cha kunyanja.

M'sukulu zimenezi munali kuwerenga, kulemba, masamu ndi Malemba. Kuimba kunalimo, koma kunali kwa nyimbo za mapemphero. Magule anali ndi sukulu yawoyawo, pabwalo. Itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, mganda unafala m'mphepete mwa nyanja. Amuna ankavala zoyera, kufola m'mizere ngati asilikali, kuliza ng'oma ndi malipenga a zikho, ndipo magulu a midzi yosiyana ankayenderana kukapikisana. Amayi anali ndi chiwoda. Gulu lililonse linali ndi atsogoleri, opeka nyimbo ndi masiku oyeserera. Ameneyo anali maphunziro enieni, ngakhale panalibe amene ankapereka satifiketi. Katswiri wa mbiri Terence Ranger analemba za magule a mtundu umenewu m'buku lake la mu 1975, pamene eni ake anali atawaphunzitsa kale kwa zaka pafupifupi 50.

Chinyanja chinayamba kuchoka m'kalasi pamene boma la Apwitikizi linalimbitsa dzanja. Kampani ya Companhia do Niassa inasiya kulamulira derali mu 1929. Mapangano a mu 1940 ndi lamulo la mu 1941 anapereka maphunziro a ana akuda m'manja mwa mpingo wa Katolika, ndipo analamula kuti chinenero chophunzitsira chikhale Chipwitikizi. Zinenero za eni dziko zinkaloledwa pophunzitsa za chipembedzo basi. Sukulu ya Messumba inapitirira, koma ana ake ankayenera kutsata maphunziro a boma.

Yunivesite yoyamba inatsegulidwa ku Lourenço Marques mu 1962, ndi dzina loti Estudos Gerais Universitários de Moçambique. Maphunziro ake anali a udokotala, uinjiniya, ulimi, matenda a ziweto ndi uphunzitsi, ndipo ophunzira ambiri anali ana a atsamunda. Nyimbo ndi zisudzo panalibe. Patangopita zaka ziwiri, mu 1964, nkhondo yomenyera ufulu inayamba, ndipo mabanja ambiri a ku Lago anathawira ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania.

Ufulu utabwera mu 1975, boma linalemekeza magule. Mu 1978 kunachitika chikondwerero cha dziko lonse cha magule, mu 1979 kunabadwa gulu la Companhia Nacional de Canto e Dança, ndipo mu 1986 gulu la zisudzo la Mutumbela Gogo linayamba ntchito ku Maputo. Koma zonsezi zinkachitikira kunja kwa yunivesite, yomwe mu 1976 inatchedwa Eduardo Mondlane. M'kalasi namo chinenero chinali Chipwitikizi chokha. Mwana ankatha kuimba Chinyanja pa tsiku la chikondwerero, koma m'mawa mwake chinenerocho ankachisiya pakhomo la sukulu.

Kutsidya la nyanja zinthu zinayenda mosiyana. Ku Chancellor College, m'yunivesite ya Malawi, gulu la zisudzo loyendayenda linayamba mu 1970, ndipo masewero ake oyamba anali ambiri a m'Chingerezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kolejiyo inakhala ndi dipatimenti ya zojambula, nyimbo ndi zisudzo, ndipo aphunzitsi monga Christopher Kamlongera ndi David Kerr anayamba kupita ndi ophunzira kumidzi. Kudera la Liwonde ankapeka masewero a zaumoyo pamodzi ndi eni mudzi. Kumeneko anaona kuti sewero likakhala m'chinenero cha anthu, owonera saonera chabe: amayankha, amatsutsa, ena amalowa m'bwalo n'kutenga mbali. Mphunzitsi aliyense wa kalasi 1 amene anafunsapo funso m'Chipwitikizi ana n'kungoti duu, kenaka n'kulifunsa m'Chinyanja manja n'kukwera, akudziwa chimene chinachitika ku Liwonde.

Ku Mozambiki chinenero ndi luso zinabwerera m'maphunziro kudzera m'makomo osiyana. Chinenero chinatsogola. Kuyambira 1993 mpaka 1997 ntchito yoyesera ya PEBIMO inaphunzitsa ana m'Chichangana ku Gaza ndi m'Chinyanja ku Tete, ndipo mu 2003 maphunziro a zinenero ziwiri anayamba m'sukulu zosankhidwa za boma. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale ya mu 2004 inaika phunziro la nyimbo, ndiponso inapatula magawo 20 pa 100 a nthawi yophunzira kuti akhale a zinthu za m'dera la sukuluyo. Luso linatsatira. Sukulu ya Escola de Comunicação e Artes, ya yunivesite ya Eduardo Mondlane, inayamba digiri ya nyimbo mu 2006 ndi ya zisudzo mu 2008, patatha zaka 44 ndi 46 chitsegulireni yunivesite.

Nako ku Niassa maphunziro apamwamba anafika, koma anatsogoza zosowa zina. Yunivesite ya Katolika inaika zaulimi ku Cuamba, ya Lúrio inaikanso zaulimi ku Unango, ndipo nthambi ya Universidade Pedagógica ya ku Lichinga, yomwe mu 2019 inalowa mu Universidade Rovuma, inayamba ndi kusula aphunzitsi. Oimba a chigawochi anapeza njira zawo. Gulu la Massukos la ku Lichinga linatchuka ndi nyimbo za m'zinenero za ku Niassa zophunzitsa za madzi ndi ukhondo, ndipo mtsogoleri wake Feliciano dos Santos analandira mphoto ya Goldman mu 2008.

Mbiri yonseyi ikusonyeza kuti chinthu chimafika pa ndandanda ya maphunziro a yunivesite chikakhala kuti ena anachilemba, kuchisanthula ndi kuchiphunzitsa kale. Ku Lago amene angayambe ntchito imeneyo ndi mphunzitsi wa zinenero ziwiri, popeza ndiye amadziwa kulemba Chinyanja motsata malamulo ake, ndipo ndiye ali ndi nthawi ya za m'dera pa ndandanda yake. Akaitana mtsogoleri wa mganda kudzafotokoza mmene gulu limayeserera, ana amaphunzira kufunsa mafunso ndi kulemba mayankho. Akalemba pabolodi nyimbo ya chiwoda imene ana akuidziwa kale, amawerenga mawu oti anawamva ali kumsana. Sewero lalifupi la pamsika wa nsomba, loyamba m'Chinyanja kenaka n'kubwerezedwa m'Chipwitikizi, limathandiza mwana amene akusintha chinenero chophunzirira kuti alankhule mopanda mantha.

Zolemba zoterezi siziyenera kuthera m'kope la mphunzitsi mmodzi. Zikalembedwa ndi dzina la mudzi, dzina la gule, chaka, komanso chilolezo cha eni nyimbo, zingathe kusonkhanitsidwa pa misonkhano ya aphunzitsi a sukulu zoyandikana n'kukhala buku. Aphunzitsi a ku Kobwe anali ndi mabuku a Chinyanja a pemphero ndi a kuwerenga. Buku lophunzitsira mganda ndi chiwoda likudikira aphunzitsi a lero a ku Metangula, Messumba ndi Cóbuè.