Kuyeza, Sikelo ndi Cheza: Mawu a Ntchito Younika Thanzi la Amene Anagwirapo Ntchito M'migodi

Womasulira zikalata za umoyo wa anthu apantchito sachedwa kuona kuti mawu awiri amene madokotala amawasiyanitsa mosamala, screening ndi diagnosis, onse amagwera pa mneni mmodzi wa Chichewa, kuyeza, ndipo wophunzira zachipatala amene maphunziro ake onse anawachita m'Chingerezi amasowa pogwira akafunsidwa kuti afotokozere agogo ake kusiyana kwa mawuwo. Oyambawo amanena za kufufuza zizindikiro zoyambirira za matenda mwa anthu amene sakumva kuwawa paliponse koma asankhidwa chifukwa ali pachiopsezo, pamene achiwiriwo amanena za kutsimikiza chimene chikudwalitsa munthu amene wabwera ndi dandaulo, kapena amene zotsatira zake zoyamba zakayikitsa. Mu 1968, Wilson ndi Jungner, m'buku limene analembera bungwe la WHO, anaika mfundo zimene ntchitoyi imayenderabe mpaka lero, ndipo ziwiri mwa mfundozo ndi zakuti matenda ofufuzidwawo akhale ndi nyengo imene amabisala m'thupi asanaonekere, ndiponso kuti kufufuzako kukhale kopitirira, kusakhale kwa tsiku limodzi basi.

Pologalamu ya boma la United States ya anthu amene kale ankagwira ntchito m'mafakitale a zida za nyukiliya, monga ku Hanford ndi ku Oak Ridge, imaonetsa bwino kusiyanaku. Kuyambira mu 1997, anthuwo amaitanidwa kukaonedwa mwaulere ngakhale papita zaka zambiri chisiyireni ntchito, ndipo amaloledwa kubwereranso pakapita zaka zitatu. Amene anagwirapo chitsulo cha beryllium amatengedwa magazi, koma magaziwo amangosonyeza ngati chitetezo cha m'thupi chinayamba kudana ndi chitsulocho, zimene sizitanthauza kuti mapapo adwala kale. Womasulira akalemba kuti "wayezedwa ndipo wapezeka nawo," wanama, ndipo akalembera munthu wina kuti "wayezedwa ndipo alibe," wanamanso, pakuti thupi likhoza kuyamba kudana ndi chitsulocho pambuyo pake.

Vuto la mneni kuyeza limakula kwambiri likafika kwa Amalawi amene anapita ku migodi ya golide ya ku South Africa kudzera ku Wenela, yomwe pambuyo pake inatchedwa TEBA ndipo anthu ambiri amangoti Theba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodiyo. Kwa anthu amenewa kuyezedwa kunali chipata: munthu ankavula, ankakwera pasikelo, dokotala ankamumvetsera m'chifuwa, ndipo zotsatira zinali ziwiri zokha, kukwera ndege kapena kubwerera kumudzi. Kulemba Amalawi ntchitoyi kunaima mu 1988 chifukwa cha mkangano wa pakati pa boma la Malawi ndi eni migodi pa nkhani yoyeza HIV, ndipo kuyambira nthawi ya mliriwo, munthu akanena kuti akukayezetsa magazi, omumva saganizira matenda ena alionse. Mneniwu wasenza tanthauzo la chigamulo choperekedwa kamodzi, chimene chikhoza kumuchotsera munthu ntchito kapena ulemu, ndipo ndi mneni womwewu umene lero ukuyembekezeka kuitana nkhalamba kuti ibwere mwa kufuna kwake, ibwerenso, ngakhale sikutsokomola.

Matenda amene nkhalambayo ikuitanidwira safanana ndi chigamulo choterocho. Silicosis ndi kuuma kwa mapapo kumene kumayamba ndi fumbi losalala kwambiri la mwala wa quartz, limene limakhazikika m'mapapo n'kumapanga zipsera pang'onopang'ono. Kawirikawiri amaonekera patapita zaka khumi kapena kuposerapo, amapitirira kukula munthu atachoka kale m'fumbimo, alibe mankhwala ochiza, ndipo amachititsa kuti chifuwa chachikulu chimugwire munthu mosavuta. N'chifukwa chake lamulo la ku South Africa la mu 1973 la matenda a m'migodi limapatsa amene anasiya ntchito ufulu woonedwa ndi dokotala zaka ziwiri zilizonse. Pamenepo munthu amajambulidwa chifuwa, kenako amapanidwa mphuno ndi kachipangizo, amaluma kapaipi, amakoka mpweya mpaka chifuwa chitadzaza n'kuuzira mwamphamvu mpaka utatheratu, ndipo amabwereza katatu kapena kuposerapo kuti makina apeze muyeso wodalirika. Muyesowo umalankhula zambiri ukaikidwa pambali pa wa zaka ziwiri zapitazo kusiyana ndi ukaima wokha. Pa zotsatira zotere ndi pamene pagonanso chipukuta misozi cha thumba la Tshiamiso, limene linakhazikitsidwa bwalo lalikulu la milandu ku Johannesburg litavomereza mu 2019 mgwirizano wa marandi 5 biliyoni wokhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampani asanu ndi limodzi pakati pa 1965 ndi 2019.

Okonda mawu achibadwidwe angasankhe kuunika, ndipo mneniwu uli ndi ubwino wake, popeza umapereka chithunzi cha kufunafuna chinthu chobisika ndipo ulibe mantha amene kuyeza kwasenza. Koma nawonso sunena kanthu za kubwereza. Mawu amene ali kale ndi tanthauzo lonse lofunikalo ndi sikelo. Mayi woyembekezera amapita kusikelo asakudwala, ndipo mwana wosakwana zaka zisanu amapachikidwa pa sikelo yolendewera mwezi ndi mwezi ali wathanzi, mlangizi wa zaumoyo n'kulemba kulemera kwake m'buku lakuchipatala pamodzi ndi tsiku lodzabweranso. Palibe mayi amene amaganiza kuti poti mwana anapezeka bwino mwezi watha ndiye kuti sikelo yatha, ndipo aliyense amadziwa kuti pakaoneka chokayikitsa amatumizidwa kwa dokotala, kumene kuyeza kwenikweni kumachitikira. Mfundo zimene Wilson ndi Jungner analemba, amayi a m'midzi anaziika kale m'mawu amodzi. Kunena kuti sikelo ya amene anagwirapo ntchito m'migodi kukhoza kuwakhumudwitsa abambo ena poyamba, poti mawuwa anazolowereka pa amayi ndi ana, koma vuto limenelo ndi laling'ono poyerekeza ndi la munthu amene sanabwererenso kuchipatala chifukwa anauzidwa kamodzi kuti alibe.

Mawu achiwiri ovuta ndi cheza, amene omasulira ambiri amawagwiritsa ntchito pa radiation. Cheza chimene Mchewa amachidziwa ndi cha dzuwa: chimaoneka, chimamveka pakhungu, chimachokera kunja, ndipo munthu akalowa pamthunzi wachithawa. Choopsa cha m'migodi ya yureniyamu, ndiponso m'migodi ya golide ya ku Witwatersrand kumene mwala wake uli ndi yureniyamu, chimalowa ndi mpweya. Radon ndi mpweya wopanda mtundu kapena fungo umene umatuluka pamene yureniyamu ikusweka mwachilengedwe, ndipo tizidutswa ta alpha timene iwo ndi zotsalira zake zimatulutsa timalephera kuboola ngakhale pepala, koma tikatulukira m'kati mwa mapapo timawononga maselo moti khansa ikhoza kuyamba patapita zaka zambiri. Munthu amene wamva kuti choopsa ndi cheza adzaganiza zophimba khungu, osadziwa kuti chofunika kwambiri ndi mpweya wabwino m'mgodi ndi chophimba pamphuno, ndipo akachoka pantchito adzaganiza kuti walowa pamthunzi. Kujambula chifuwa nakonso sikungaonetse kuchuluka kwa mphamvuyi kumene munthu analandira. Kuchulukako kumadziwika ndi kabaji kamene wantchito amavala pachifuwa ndi kaundula amene olemba ntchito amasunga, pomwe malire amene mayiko amagwirizana ndi ma millisievert 20 pachaka pa avareji ya zaka zisanu. Nkhaniyi si ya kutali, popeza mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unagwira ntchito kuyambira 2009 mpaka 2014 pamene unaimitsidwa mtengo wa yureniyamu utatsika, ndipo amene anagwira ntchito nthawi imeneyo ayenera kudziwa kuti manambala a kabaji kawo ndi chuma chofunika kuchisunga. Apa kubwereka ndiko kwanzeru: radon atchedwe radon, cheza chitsalire makina ojambulira ndi mphamvu zochokera kunja kwa thupi, ndipo fumbi ndi mpweya zitchulidwe mayina awo.

Zitsanzo ziwirizi zikusonyeza kuti mkangano wakale wa mawu achibadwidwe ndi obwereka umafunsa funso losathandiza, pakuti sikelo ndi mawu obwereka amene anakhazikika mpaka kubala tanthauzo limene kwawo kumene anachokera alibe, pamene cheza ndi Chichewa chenicheni chimene pamalo pano chikusocheretsa. Chofunika kufunsa ndi chimene womva adzachita akamva mawuwo, ndipo yankho lake silipezeka muofesi. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ntchito yake inapitirira ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi kuyambira mu 1996. Komabe anamwino ndi madokotala amaphunzitsidwa m'Chingerezi chokha, ndipo lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'sukulu, moti mawu a sayansi m'Chichewa amapangidwa mothamanga ndi womasulira amene wapatsidwa masiku ochepa kuti amalize kapepala. Mawu a nthambi imeneyi ayenera kukonzedwa ndi akatswiri a ziyankhulo pamodzi ndi achipatala ndi mabungwe a anthu amene anagwirapo ntchito m'migodi, kenako ayesedwe pofunsa nkhalambazo kuti zamva chiyani ndipo zidzabweranso liti. Ntchito yomweyo ifunikanso m'Chitumbuka ndi m'Chinkhonde, popeza anthu ozungulira Kayelekera amayankhula ziyankhulo zimenezo, ndipo amene anapita ku Theba anachokera m'zigawo zonse zitatu.