Kudyeka kwa mapadi a mabuleki mosafanana

Ma Toyota Noah ndi HiAce a pamsewu wa Chipata–Mfuwe amatsikira m'chigwa cha Luangwa atadzaza anthu ndi katundu, ndiye mabuleki akutsogolo amagwira ntchito yakalavulagaga. Fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja m'misewu ya kwa Jumbe zimaumitsa girisi wa mapini a kalipa, ndipo mapadi amayamba kudyeka mosafanana.

Mwini galimoto akaikweza ndi jeke, kuichirikiza n'kuchotsa tayala, amayerekeza padi yam'kati ndi yakunja. Padi yam'kati ikadyeka kwambiri kuposa yakunja, kawirikawiri mapini kapena pisitoni zagwira. Ikadyeka mopendekeka, kawirikawiri pini imodzi ndiyo yauma. Gudumu lotentha kuposa linzake ulendo ukatha limaulula buleki yosabwerera.

Mapadi akatsala mamilimita 3 amasinthidwa kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi.