Kil: tchalitchi kapena nkhalango?

Tsiku loyamba kuyang'anitsitsa mapu a Ireland ndinadabwa ndi kuchuluka kwa malo oyamba ndi Kil. Kildare, Kilkenny, Killarney, basi Kil yekhayekha. Kenaka ndinazindikira kuti Kil ameneyu anameza mawu awiri a Chiairishi: cill, tchalitchi, ndi coill, nkhalango. Ndiye mukaona Kilmore pamapu simungadziwe ngati ndi tchalitchi chachikulu kapena nkhalango yaikulu. Ife amene Thyolo wathu ankalembedwa Cholo, zoterezi si zachilendo.

Ntchito yojambula mapu a Ireland yense inayamba mu 1824, motsogozedwa ndi Thomas Colby wa Ordnance Survey. Boma la Britain linkafuna malire olondola kuti msonkho wa malo uziwerengedwa bwino. Mapuwo anali a mainchi 6 pa mailo imodzi, ndipo pa mlingo wotere panalibe kuzemba: timadera tonse totchedwa townland, toposa 60,000, tinayenera kulembedwa mayina.

Apa mpamene panabadwira mabuku a mayina, olembedwa parishi ndi parishi. Pa dzina lililonse ankandandalika kalembedwe kosiyanasiyana ndi kumene akapeza, kaya kwa m'busa, kwa mwini malo kapena m'zikalata zakale. Mu 1830 katswiri wa Chiairishi John O'Donovan analowa ntchitoyi pansi pa Thomas Larcom, ndipo kuyambira 1834 ankayendera maparishiwo kusakasaka nkhalamba zolankhula Chiairishi. Akamva katchulidwe kawo, ankalemba dzinalo m'Chiairishi ndi tanthauzo lake.

Koma Chiairishicho pamapu sichinafike ayi. Ankasankha kalembedwe kamodzi ka Chingelezi koyandikira katchulidwe ka eni malo, nchifukwa chake baile, mudzi, timamuona ngati Bally, ndipo cnoc, phiri, ngati Knock. Mayina ambiri anali atalowa kale Chingelezi ojambulawa asanafike, koma mapu ndiwo anawakhomera msomali.

Panalinso cholinga chofotokoza parishi iliyonse: nthaka, ntchito za anthu, sukulu, mabwinja ndi miyambo. Buku la parishi imodzi yokha, Templemore ya ku Derry, ndi limene linasindikizidwa mu 1837, ndipo pofika 1840 boma linaimitsa ntchitoyi poidandaula mtengo. Mu 1845 kunagwa njala yaikulu imene inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo olankhula Chiairishi. M'madera ambiri chinenerocho chinazilala, ndipo ofunsidwa aja sanasiye owalowa m'malo.

Nchifukwa chake ine ndimalemekeza mabuku aja kuposa mapu enieniwo. Mapu anasunga yankho limodzi, mabuku anasunga mboni zonse, ngakhale zotsutsana. Inu ophunzira, mukapita kukalemba mayina a malo, musangolemba dzina lokha. Lembani amene wakuuzani, mmene watchulira, ndi zina zimene mwamva. Amene adzafunse za Kilmore wanu mawa sadzawapezanso agogowo.