Timapaipi ta vakyumu ndi ntchito ya amakaniko ku Chama

Injini ya petulo ikamalira galimoto itaima, mapisitoni amakoka mpweya mwamphamvu pamene kachitseko kolowera mpweyawo kamakhala pafupifupi kotseka. Motero m'manifodi mumatsala mpweya wochepa kuposa wa kunja, ndipo kapaipi kalikonse kolumikizidwa pamenepo kamayamba kuyamwa. Mphamvu yoyamwayi amakaniko amaitcha vakyumu. Pa injini yabwino yotentha, geji imasonyeza mainchi a mercury 17 mpaka 21, koma dalaivala akaponda mafuta kwambiri kachitseko kamatseguka ndipo vakyumu imatsika pafupifupi kutheratu.

Opanga magalimoto anaona msanga kuti mphamvuyi ndi yaulere. M'zaka za m'ma 1920 inayamba kuyendetsa zopukutira galasi, ngakhale kuti zinkafooka pokwera chitunda, ndipo Albert Dewandre wa ku Belgium anaigwiritsa ntchito pothandiza mwendo wa dalaivala kuponda mabuleki. Busita ya mabuleki ya masiku ano inachokera pamenepo: chibekete chozungulira chogawidwa pakati ndi chikopa cha labala. Munthu akaponda, mbali imodzi imalowa mpweya wa kunja pamene ina ikuyamwidwa, ndipo kusiyanako kumakankha nawo.

Chama ili ku Zambia, kumpoto kwa chigwa cha Luangwa, m'dziko la Asenga a mafumu monga Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, kumalire ndi Malawi. Kwa zaka zambiri njira yaikulu yofikira kumeneko inali msewu wafumbi wochokera ku Lundazi, umene dzinja linkaudula pamitsinje. M'zaka zoyandikira ufulu wa 1964 ndi zotsatira, magalimoto opirira njirayi anali makamaka ma Land Rover a boma, a mishoni ndi a oyang'anira nyama, kudzanso malole onyamula mpunga ndi thonje. Injini za petulo za nthawi imeneyo zinali ndi timapaipi towerengeka. Kodziwika kwambiri kanali kochoka ku kabuleta kupita ku distributor, kamene kankafulumizitsa moto wa mapulagi injini ikakhala yosalemedwa. Makaniko ankakayesa ndi pakamwa: ankavula kapaipi, kuchotsa chivundikiro cha distributor, n'kuyamwa. Kambale ka m'kati kakasuntha n'kuima pomwepo lilime litatseka kubowo, chikopa chinali chamoyo. Kakabwerera kokha, chinali chobooka, ndipo galimoto inkamwa mafuta ambiri.

Luso limeneli linkaphunziridwa poyang'ana ndi kutumidwa masipanala, ndipo linakula chifukwa cha mtunda. Kumene sitolo ya zipangizo ili ku Lundazi kapena ku Chipata, munthu sasintha chitsulo mongoyesa. Amayamba wamvetsera. Kapaipi kong'ambika kamalira kuti tsiii, injini imanjenjemera kapena kuzima pamphambano chifukwa mpweya wachuluka kuposa mafuta, ndipo makaniko akatsina kapaipiko ndi pulayala kulira kwa injini kumasintha nthawi yomweyo.

Dizilo inabweretsa vuto lina. Injini yake imawongoleredwa ndi kuchuluka kwa mafuta, osati kutsekereza mpweya, choncho manifodi yake siyamwa mokwanira. Mabuleki amadalira kapampu kapadera. Pa injini zambiri za Toyota, Isuzu ndi Mitsubishi kapampuka kamakhala pa alternator, kamazunguliridwa ndi lamba yemweyo, ndipo kamalandira oilo wa injini kudzera m'kapaipi kake. Apa pali chinthu chimene dalaivala aliyense wa m'chigwa ayenera kudziwa: lamba akaduka, si batire lokha limene limasiya kutchaja. Akaponda kangapo, vakyumu yotsala imatha, chopondera chimauma gwa, ndipo lole ya Canter yodzaza matumba a mpunga siima msanga potsetsereka. Kuyesa kwake n'kosavuta. Injini itazima, munthu amaponda buleki kangapo mpaka iume, n'kuliza injini mwendo uli pomwepo. Chopondera chikatsika pang'ono, busita ndi paipi yake zili bwino.

Boma la Frederick Chiluba litamasula malonda kuyambira 1991, magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa ambiri, ochuluka kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde. Corolla, Hiace, Hilux Surf ndi Pajero zinafika ndi timapaipi tambirimbiri, chifukwa malamulo a utsi a ku Japan anafuna zida monga EGR, imene imabweza utsi pang'ono m'injini kuti moto usatenthe mopitirira. Chithunzi cha njira za timapaipi chinkamatidwa kunsi kwa boneti, koma mawu ake anali a Chijapani. Amakaniko ambiri anayamba kutseka kapaipi ka EGR ndi kabawuti. Galimoto imayendabe, koma chizolowezi chotseka chilichonse chosadziwika n'choopsa. Pa Pajero ndi ma Hilux Surf ena, vakyumu ndiyo imalumikiza ekiselo ya kutsogolo. Kapaipi kamodzi kakasokonezeka, nyali ya 4WD imaphethira kapena siyaka, mawilo a kutsogolo osagwira, ndipo mwini wake amadziwira m'matope a mwezi wa February.

Turbo, imene Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa mu 1905, inatembenuza lamulo lakale. Utsi wotuluka umazunguza kafani kamene kamapopera mpweya m'injini, kotero galimoto ikamakoka, m'manifodi mumakhala mpweya wochuluka kuposa wa kunja. Kapaipi kamene kamayamwa injini ya petulo ikulira pang'onopang'ono, tsopano kamauzira. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene paipi ya busita imakhalira ndi kavavu kolola mpweya kuyenda njira imodzi yokha, ndipo kukabweza chagada pokonza ndiko kuchotsa thandizo lonse la mabuleki. N'chifukwa chakenso timapaipi ta injini ya turbo timafunika zomangira, apo ayi timavuka.

Kofunika kuposa tonse ndi kapaipi kopita ku wastegate. Kamatenga mpweya wopopedwa n'kukakankha chikopa cholimbana ndi sipulingi. Mphamvu ikafika pa mlingo wake, kachitseko ka wastegate kamatseguka ndipo utsi wina umalambalala kafani. Kapaipika kakang'ambika, kachitseko sikatseguka, turbo imapopa mopyola, ndipo gasiketi kapena mapisitoni zimawonongeka. Poyamba galimoto imaoneka ngati yapeza mphamvu, ndiye chifukwa chake vutoli limanyenga. Pa ma turbo ena a dizilo, monga a injini za TDI za Volkswagen ndi ZD30 ya Nissan, zimayenda mosiyana: vakyumu ya pampu, yoyendetsedwa ndi kavavu ka magetsi, ndiyo imasuntha timapiko ta m'kati. Pamenepo kapaipi kobooka kamafooketsa galimoto.

Nyengo ya ku Chama siichitira chifundo labala. Kutentha kwa October kumaiumitsa mpaka ing'aluke pansonga, oilo amaifewetsa, mabampu amaikhulitsa kuzitsulo, ndipo makoswe amatafuna timapaipi ta galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe. Kapaipi kolowa m'malo kayenera kukhala kochindikala, chifukwa kofewa kamaphwatalala kakayamwidwa ndipo kamatseka njira ngakhale kakuoneka katsopano.

Chama inasamutsidwira ku chigawo cha Muchinga mu 2011 n'kubwezedwa ku chigawo cha Kummawa mu 2021, ndipo palinso msewu wa ku Matumbo, wodutsa Luangwa kukalowa mu Great North Road. Magalimoto obwera tsopano ali ndi kompyuta yolemba zolakwika, ndipo zida zina zimene zinkadalira vakyumu zikuyendetsedwa ndi timota ta magetsi, monga timapiko ta turbo ya injini ya 1KD ya Toyota. Komabe kompyuta imangonena kuti mpweya wachuluka kapena mphamvu ya turbo yasokonekera, siloza pamene pabooka. Mng'alu weniweniwo amaufufuzabe makaniko, kapaipi ndi kapaipi, kuyambira ku manifodi kapena ku pampu mpaka ku busita.