Jim Martin, mwana wa zaka 14 amene anafela ku Gallipoli

Pa zaka 14, ambili a ise tinali mu giledi 8, tikukangana za mpila, ngakhale NRC tisanatenge. Pa msinkhu womwewo, James Martin wa ku Australia anali atavala kale yunifomu ya usilikali, atanyamula mfuti m'dziko la eni. Pa asilikali onse a dziko lake odziwika kuti anafa pa Nkhondo Yoyamba ya Padziko Lonse, wamng'ono kwambili ndiye.

Jim, monga mmene anali kumuchulila, anabadwa pa 3 January 1901 m'tauni ya Tocumwal ku New South Wales. Pa ana 6 a m'banja lawo, mwamuna anali iye yekha. Nkhondo itayamba mu 1914, atate ake anapita kukalembetsa usilikali koma anawabweza cifukwa ca ukulu. Jim anati adzapita ndiye. Amai ake, a Amelia, anakana. Mwanayo anawaopseza kuti akamuletsa adzathawa, akalembetse ndi dzina lina, ndipo sadzawalembela kalata ngakhale imodzi. Amai anaona kuti ni bwino adziwe kumene mwana wawo ali kusiyana ndi kumutaya osadziwa, ndiye anavomela.

Mu April 1915, ku Melbourne, Jim anauza olemba asilikali kuti ali ndi zaka 18. Anamukhulupilila, kapena anasankha cabe kusafunsa zambili. Anamuika mu gulu la 21st Battalion, ndipo mu June anakwela sitima ya pamadzi kupita ku Egypt. Kucoka kumeneko anawatumiza ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, kumene asilikali a Britain, France, Australia ndi New Zealand anali kulimbana ndi asilikali a ufumu wa Ottoman kuyambila pa 25 April.

Imfa inamuphonya koyamba ali m'njila. Pa 2 September, sitima yawo yochedwa Southland inaombedwa ndi sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi, ndipo Jim anakhala m'madzi kwa maola angapo asanamupulumutse. Patapita masiku ocepa anafika ku Gallipoli ndi kulowa m'ngalande za asilikali. Mmenemo madzi anali osowa, cakudya coipa, nchenche zili ponseponse cifukwa ca zimbudzi ndi mitembo yosaikidwa. M'makalata ake anali kuuza a kunyumba kuti asade nkhawa, ali bwino. Cimene cinali kumuwawa n'cakuti makalata awo sanali kumufika.

Cipolopolo sicinamukhudze. Cinamupha ni typhoid, matenda obwela ndi madzi ndi cakudya codetsedwa, amene ngakhale ise m'makomboni timawadziwa mvula ikayamba. Pa 25 October 1915 anamunyamula atafookelatu kupita naye pa sitima ya cipatala, Glenart Castle. Tsiku lomwelo mtima wake unaima. Anali ndi zaka 14 ndi miyezi 9. Mtembo wake anauponya m'nyanja, ndipo nesi wamkulu wa pa sitimayo ndiye analembela amai ake kuwauza za maola ake omaliza.

Manda alibe, koma dzina lake linalembedwa pa cipilala ca Lone Pine ku Gallipoli ndi ku Australian War Memorial mumzinda wa Canberra. Anthu a ku Australia oposa 8,000 anafela ku Gallipoli, ndipo pa 25 April caka ciliconse dziko lonse limawakumbukila pa tsiku la Anzac.

Nkhondo imeneyi inafika ndi kuno kwathu. Asilikali a Germany otsogoleledwa ndi von Lettow-Vorbeck anatula zida ku Abercorn, imene lelo ni Mbala, pa 25 November 1918. Makolo athu ambili anatengedwa kukhala atengatenga, kusenza katundu wa asilikali a Britain, ndipo ambili anafa monga Jim, ndi matenda komanso njala. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomela kuti anthu osacepela 116,000, ambili a iwo a mu Africa, sanakumbukilidwe ndi maina awo.

Nkhani ya Jim tikuidziwa cifukwa banja lake linasunga makalata ndipo boma lake linasunga mabuku. Ise mwina tikali ndi ambuya amene anamvako dzina la agogo awo amene anapita ndi katundu pamutu osabwelanso. Tiwafunse akali moyo, dzinalo tililembe.