Kulandira Mlaliki ku Zemba

Inu a kumigodi mudziwa m'mene mudzi ulandirira munthu wocokera kunchito: maso onse ali pa sutukesi. Koma kale kunali apaulendo ena amene anabwera kwao opanda njinga, opanda bulangeti la apongozi.

Pa 5 July 1899 Abusa Smit ndi Hofmeyr a Mpingo wa Dutch Reformed anayamba mishoni pa Magwero, Angoni a Mpezeni atagonja kwa Azungu mu 1898. Mu 1908 anatsegula Nsadzu, m'dziko la Acewa la Chadiza, kumene kuli Zemba. Azunguwo anali owerengeka. Amene anayenda ndi Mau ndiwo ana a eni dziko, aphunzitsi ndi alaliki, otumidwa ku midzi yakutali pa malipiro ocepa. Mbusa woyamba wa mwa iwo, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929.

Wotere pobwera kwao, amai ace analuluta, nkhuku inafa, mphasa inayalidwa, ndipo atapumula akulu anadza kudzamva malonje. Mabvuto anayamba pa mtsuko. Mwambo unali wakuti atsibweni afulitse mowa, athire nsembe kuthokoza mizimu imene inasunga mwana panjira. Koma Mpingo unaletsa mowa, nsembe ndi Nyau zomwe. Kukana kunali kunyoza atsibweni pamaso pa mbumba yao, kumwa kunali kutaya nchito. Ine ndiyesa anzeru anali amai aja amene anaphika thobwa, naika cikho m'manja mwa mwana wao atsibweni asananene kanthu.